Disiki Yolembedwa Kabatani

Ntchito ya Kabatani inali yokonza mawu a anthu ena. Mu situdiyo yojambulira mauthenga amalonda a pawailesi, iye ndi amene ankachotsa chifuwa cha owerenga, kudula mpweya, ndi kuwongola pamene lilime lapunthwa, mpaka munthu wamanyazi n'kumveka ngati anabadwira pa maikolofoni. Mawu a wogulitsa matayala, a mayi wa sopo, a dokotala wa mano, onsewo ankawazindikira asanamalize n'komwe kupereka moni. Koma mawu a bambo ake omubereka sankawadziwa, ndipo chimenechi chinkamupweteka kuposa mmene ankavomerera.

Bambowo anamwalira iye ali ndi zaka zitatu. Anali woimba kiyibodi, ndipo masana ankapanga tinyimbo tamalonda m'kachipinda ka kumapeto kwa khonde. Anali munthu wa zala, wosati wa pakamwa. Pa makaseti onse amene anasiya panalibe pamene anaimbapo kapena kuyankhulapo, kunali kulira kwa zida kokhakokha. Zithunzi zinalipo zambiri, koma chithunzi sichiitana munthu. Dzina lakuti Kabatani anamupatsa ndi iwowo, chifukwa ali wakhanda chilichonse chodinika ankachidina. Dzinalo linakakamira mpaka ku ntchito, ngakhale kuti mwanayo tsopano anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri.

Nkhani inayamba pamene amayi ake anaganiza zosamukira m'nyumba yaing'ono yopanda masitepe, poti mawondo anali atayamba kudandaula. Loweruka lina m'mawa akulongedza katundu, Kabatani anakoka chinthu cholemera pansi pa bedi, chokutidwa ndi chinsalu chakale cha pawindo. Inali sampula ya bambo ake. Sampula ndi makina ooneka ngati kiyibodi, koma alibe mawu awoawo. Umawamvetsera phokoso lililonse, kaya ndi ng'oma kaya ndi chitseko, iwo n'kulisunga pa disiki. Kenako ukadina kiyi, phokoso lija limatuluka. Ukapita kumanja limakwera ndi kuthamanga, ukapita kumanzere limatsika ndi kuchedwa. Kuseri kwa makinawo kunali katoni ya nsapato yodzaza ndi madisiki aja amakona anayi amene ana a masiku ano amayesa potsamiritsira kapu ya tiyi.

"Tenga zonse," anatero amayi ake, akukulunga makapu m'nyuzipepala. "Ukapanda kutenga zikupita kudzala. Ine kumene ndikupitako pansi pa bedi ndikufuna pazisesedwa."

Kabatani anakhala pansi n'kuyamba kuwerenga timapepala tomata pa madisiki. Zilembo za bambo ake zinali zopendekera kumbuyo ngati munthu wokana kukokedwa. Ng'oma zouma. Belu la njinga. Sopo 2. Galasi losweka. Osafufuta. Ndipo chakumapeto, pa disiki yabuluu yodetsedwa ndi nkhungu m'mphepete, panalembedwa liwu limodzi: Kabatani.

"Amayi, muli chiyani umu?"

Amayi ake anasuzumira pamwamba pa magalasi. "Za m'chipinda chija ine ndinkazidziwa ngati? Changa chinali kumva phokoso ndi kupepesa kwa anthu oyandikana nawo nyumba."

Lolemba Kabatani anapita nazo zonse ku ntchito kwa a Fyuzi. A Fyuzi ndi amene ankakonza zida za mu situdiyo, ndipo dzinalo analipeza chifukwa sankachedwa kupsa mtima, ngati fyuzi ya magetsi. Anali atakalamba, ndevu zoyera, sikuludiraiva kuseri kwa khutu nthawi zonse. Paunyamata wawo ankaimba gitala ya besi m'bandi imodzi ndi malemu bambo ake a Kabatani, choncho ankamuona Kabatani ngati mwana wawo, kutanthauza kuti ankamukalipira kuposa ena onse.

A Fyuzi anatsegula sampula, n'kuuzira fumbi, n'kuilumikiza ku magetsi. Kanyali kofiira kanaphethira kamodzi, kenako kunamveka fungo la waya wopsa.

"Awa atsatira mwini wawo," anatero a Fyuzi akuzula pulagi. "Zida zake sizipezekanso. Koma usagwe nkhope, mawuwo sali m'makinamu, ali pa madisiki."

M'kabati ya zinthu zimene a Fyuzi ankakana kutaya munali kompyuta yakale, yachikasu ngati dzino, yokhala ndi kapakamwa kolowetsera madisiki oterowo. Itayaka, Kabatani sanadikire. Analowetsa disiki yabuluu ija. Kompyuta inalira pang'ono, kenako inatulutsa kauthenga kakuti disikiyo ndi yosakonzedwa, ndipo inafunsa mwaulemu ngati aikonze mwatsopano. Kabatani, amene moyo wake wonse mabatani akamufunsa ankayankha kuti inde, anali atasuntha kale dzanja.

"Iwe!" A Fyuzi anamulanda mbewa ya kompyuta ngati akulanda mwana mpeni. "Ukudziwa chimene ikufunsa? Ikuti ifufute zonse! Ukanadina pamenepo bwenzi tikuyang'ana disiki yoyera ngati mbale yotsuka."

Kabatani anakhala pa mpando.

A Fyuzi atapsa sankachedwanso kuzizira. Anafotokoza kuti kampani iliyonse yopanga masampula inali ndi kalembedwe kakekake, ndipo makina a kampani ina sankawerenga za inzake, nanji kompyuta. "Kompyuta ndi yodzikuza," anatero. "Ikamva chinenero chimene sichidziwa, imati palibe amene wayankhula. Pakufunika womasulira."

Womasulirayo anali pulogalamu yaing'ono imene a Fyuzi anaisunga zaka zambiri. Ntchito yake inali kuwerenga disiki ya sampula n'kusandutsa mawu ake kukhala fayilo imene kompyuta iliyonse ingasewere. Inali yonyansa maonekedwe, zilembo zobiriwira pa galasi lakuda, ndi mndandanda wautali wa mitundu ya masampula woti usankhepo. A Fyuzi anati amene anailemba ayenera kuti anali munthu wopanda anzake, koma Mulungu amudalitse kumene aliko.

Anatulutsa disiki yabuluu ija n'kukana kuyamba nayo. "Yankhungu ngati iyi mwina izunguliranso kamodzi kokha. Tiphunzirire pa belu la njinga, likafa palibe adzalire." Belu linatuluka bwinobwino, ngrii ngrii, ndipo a Fyuzi anaseka mpaka kutsokomola, akuti ankalikumbuka m'kanyimbo kotsatsa buledi. Atatero anapukuta disiki yabuluu ndi kathonje, n'kuilowetsa pang'onopang'ono.

Inazungulira movutika. Inkakhosomola, kuima, kuyambanso. Kabatani anapinda manja kukhwapa kuti asakhudze chilichonse. Patapita nthawi pulogalamu inalemba kuti yapeza mawu amodzi, otalika masekondi anayi, ndipo yawasandutsa. Pansi pake inawonjezera mzere wina wakuti gawo lonena za kiyi imene mawuwo ankakhalapo lawonongeka, silinawerengeke. Mzere umenewu onse awiri anauona, ndipo onse awiri sanausamale. Amene wapeza ndalama panjira safunsa za chikwama.

Kabatani anakweza sipika n'kudina.

Kunatuluka kamawu kakang'ono, kakuthwa, kothamanga, ngati kamwana kamene kakuneneza mnzake kasanapume. Mawu ake sankamveka kuti akuti chiyani. Kumapeto kunali kakuseka, tsiki tsiki, basi.

"Ndiwe uyu!" A Fyuzi anawomba m'manja. "Ndi iwe ndithu! Longololo unayamba kale, eti? Anakujambula bambo ako."

Kabatani anaseka nawo. Anabwereza kachiwiri, kachitatu, akusekabe. Koma a Fyuzi atatuluka kukamwa tiyi, kuseka kunatha, ndipo anavomereza mumtima chimene ankabisa chiyambire Loweruka. Ankayembekezera kuti pa disiki yolembedwa dzina lake pakhala bambo ake akumuyankhula. M'malo mwake anadzipeza yekha. Kunena zoona chinali chinthu chokoma kuti bambo anasunga mawu a mwana wawo, ndipo anadziuza zimenezo kangapo. Komabe anakhumudwa kwambiri.

Mlungu wonsewo, nthawi ya nkhomaliro, ankasandutsa madisiki otsalawo imodziimodzi. Anapeza ng'oma, malipenga, chitseko cholira, madzi akuthiridwa mu kapu, galu wouwa kamodzi. Ngakhale ija yolembedwa kuti Osafufuta munali kulira kwa ndowa yomenyedwa ndi supuni. Munthuyo anajambula dziko lonse kupatula iye mwini.

Loweruka lotsatira Kabatani anapita kukathandiza amayi ake kupachika makatani m'nyumba yatsopano. Anali ataika kamawu kaja mu foni, poganiza kuti mwina amayi aseka. Anawapeza atakhala pa katoni, akusankha mbedza za makatani m'chitini.

"Amayi, tamverani mwana wanu ali wamng'ono."

Amayi anamvetsera, mbedza ili m'manja. Sanaseke.

"Tabwereza."

Anabwereza.

"Ameneyo si iwe," anatero amayi. "Iwe pa zaka zitatu unkangoti tiyi, ayi, ndi changa. Chiganizo chachitali chonchi ukanachitenga kuti? Amenewo ndi bambo ako."

Kabatani anaganiza kuti mwina kusamuka kwawasokoneza. "Amayi, bambo mawu ngati a mbewa chonchi?"

"Mbewa zimenezo ndi zimene zinkandisowetsa mtendere m'nyumba muja." Amayi anaika chitini pansi. "Ankayamba ajambula pa kaseti. Kenako kasetiyo ankaithamangitsa, ikulira tswii tswii, n'kumamwetsa makina awo aja. Tsiku lina ndinawafunsa kuti kodi mwayamba kuweta makoswe? Akuti, mayi a mwana, makinawa ali ndi kamimba kakang'ono, salandira zoposa masekondi ochepa. Ndiye chachitali ndimachidyetsa mothamanga kuti chikwane, ndikadina kiyi ya m'munsi chimabwerera mwakale. Ine zinandikhala m'mutu chifukwa ndinawayankha kuti ndi mmenenso mumadyera inuyo mukachedwa ku ntchito."

Makatani sanapachikidwe tsiku limenelo. Kabatani anaimbira a Fyuzi, ndipo pofika masana anthu atatu anali mu situdiyo yopanda anthu ena. Amayi anali asanalowemo chiyambire. Anayang'ana makoma omata thonje n'kunena kuti mwina n'chifukwa chake mwana wawo sayankha foni.

A Fyuzi anali atagwira mutu. "Alamu, manyazi andigwira. Tonse tinkachita zimenezi nthawi imeneyo, tonse! Ine ndangowerenga dzina pa kapepala basi nzeru n'kuthawa. Ndipo pulogalamu inatiuza poyera kuti kiyi yasowa. Inamasulira mawu onse molondola, koma sinadziwe kuti munthuyo ayankhule ali pati."

Analumikiza kiyibodi yatsopano ku kompyuta, n'kuyala mawu aja pa makiyi onse, kuti kiyi iliyonse iwatulutse pa msinkhu wake. Chala chawo chikupita kukadina, Kabatani anawagwira mkono.

"Dikirani. Ine ndisamve."

Onse awiri anamuyang'ana.

"Ntchito imeneyi ndimaidziwa," anatero. "Mawu amene wayamba kumva ndi amene amakhala m'mutu. Mukandimvetsa olakwika, ndidzakhala nawo moyo wanga wonse. Inu munkawadziwa. Apezeni kaye, ine ndimve enieniwo."

A Fyuzi anatsegula pakamwa kuti atsutse, poti kutsutsa kunali chizolowezi, koma anatseka. Anazimitsa masipika n'kutenga mahedifoni. Analipo amodzi okha abwino, ndiye anawapinda kuti aliyense agwire mbali imodzi pakhutu. Nkhalamba ziwirizo zinakhala mitu itagundana ngati ana akuonera buku limodzi. Kabatani anakhala pa mpando wa pakona, akumva mkangano wokha, mawuwo osawamva.

"Nkhani yake ndi ya masamu, alamu," anatero a Fyuzi. "Kaseti yothamanga kawiri, timatsika makiyi khumi ndi awiri, oyera ndi akuda omwe. Apa." Anadina.

Amayi anatsinzina. "Ayi. Akufanana nawo, koma uyu ndi mng'ono wawo."

"Analibe mng'ono wamwamuna."

"N'chifukwa chake ndikuti si iwo. Tsikani."

"Alamu, munthu ameneyu ndayenda naye zaka zisanu ndi zinayi. Mawu ake ndi amenewa."

"Inu munkawamva akukuwa pa phokoso la bandi. Ine ndinkawamva akufunsa kumene kuli masokosi. Tsikani."

A Fyuzi anang'ung'udza, koma anatsika kiyi imodzi. Amayi anapendeketsa mutu n'kunena kuti akubwera, ali pa geti. Anatsikanso ina. Apa dzanja la amayi limene linali pa tebulo linatseka pang'onopang'ono. A Fyuzi, pofuna kutsimikiza, anatsikanso ina yachitatu.

"Ayi, bwererani," anatero amayi mofulumira. "Apa mwawakalambitsa. Sanafike pamenepa."

A Fyuzi anabwerera pa kiyi ija, yachikhumi ndi chinayi, n'kuidinanso. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anachotsa sikuludiraiva kukhutu n'kumaiyang'ana ngati ndi yachilendo.

"Ndi yemweyo," anatero motsitsa mawu. "Ndipo ndakumbuka chifukwa chake masamu akukana. Lamba wa makina ake a kaseti anaduka, ndiye ndinamuikira wina amene sanali wake. Ankathamanga mopitirira. Anandidandaulira chaka chathunthu, ine ndikumuuza kuti vuto ndi makutu ake."

"Ndiye mwamva lero kuti makutu anali abwino," anatero amayi, akupukuta magalasi ndi nsonga ya bulauzi. Anawapukuta nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira.

A Fyuzi anadula kachidutswa ka tepi yomatira mawaya n'kumata pa kiyiyo. Anazula mahedifoni, n'kuyatsa masipika, n'kudzuka pa mpando.

"Bwera," anatero amayi. "Dina wekha. Si ntchito yako kodi?"

Kabatani anakhala patsogolo pa kiyibodi. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anaopa batani. Anaika chala pa tepi ija, n'kupuma, n'kudina.

Mawu a mwamuna anadzaza chipinda. Sanali aakulu monga ankaganizira. Anali ofewa, okhala ndi kamchenga pang'ono, a munthu amene akuyesetsa kukalipa koma kuseka kukumutsamwitsa.

"Kabatani! Chotsa kadzanjako pamenepo. Ndakuona. Ukuyesa ndachoka eti? Ndili pompano, ndikukuona."

Kenako kunayamba kuseka, n'kudukira pakati, pamene kamimba ka makina kanadzadza.

Kabatani sanalire nthawi yomweyo. Anangokhala, pakamwa pali yasa. Ankaganiza kuti akadzawamva adzamva munthu wachilendo. Koma penapake m'thupi mwake, pansi pa nthiti, mawuwo anali odziwika, ndipo anachita mantha pang'ono ngati mwana wogwidwa, kenako chimwemwe chachikulu chinamudzaza.

"Unkawasokonezera ntchito," anatero amayi kumbuyo kwake. "Akangotuluka, iwe ulendo kuchipinda kuja, kukwera pa kampando, kudina chilichonse. Kukumenya sankatha. Ndiye anati ndimutchera msampha. Akamachoka ankasiya makina oyaka ndi disiki imeneyi. Tsiku loyamba unadumpha n'kugwa pa kampando, n'kukawayang'ana kuseri kwa chitseko. Tsiku lachiwiri unazindikira kuti ukadina bambo akubwera. Basi, msampha unasanduka choseweretsa. Unkadina tsiku lonse mpaka ine mutu kuwawa, ndikazimitsa iwe kulira."

"Ndiye bwanji munati simukudziwa za disikiyi?"

"Ndinkadziwa kuti zili pa kanthu kabuluu ngati? Ine ndinkayesa zinafera m'makina muja. Atamwalira unapitabe kukadina kwa milungu ingapo. Ine sindinathe kupirira, ndinazula pulagi n'kuika zonse pansi pa bedi. Mwina ndinalakwa. Koma nthawi imeneyo sindikanatha."

Kabatani anatambasula dzanja lamanzere kumbuyo osatembenuka, ndipo amayi analigwira.

A Fyuzi, amene zinthu zotere zinkawasowetsa poika maso, anayamba kulamula. Anati fayiloyo isungidwe pa liwiro lolondolali, m'malo atatu osiyana, ndipo nambala ya kiyi ilembedwe m'dzina la fayilo momwemo, kuti wina asadzabwerenso zaka makumi awiri zikubwerazi n'kunena kuti ndi mbewa. Anati nawonso akufuna yawo, osati chifukwa cha chilichonse, koma kuti azikumbukira nkhani ya lamba. Atatero anapita kukafunafuna chinthu m'kabati, ndipo anakhalitsa kumeneko atatembenukira kukhoma.

Kabatani anachita zonse zimene anauzidwa. Atamaliza, amayi anatola chikwama chawo n'kukumbutsa kuti makatani akudikira, ndipo dzuwa silidikira munthu.

"Ndikubwera, amayi."

Chala chake chinali chabwerera kale pa tepi ija. Anadina.

"Kabatani! Chotsa kadzanjako pamenepo. Ndakuona."

Sanachotse. Anadikira kuti amalize, aseke, kuseka kuduke, ndipo anadinanso.

"Mwana wosamva iwe," anatero amayi ali pakhomo. Anaika chikwama pansi n'kukhala pa mpando.